Dimba la Geresomo Lidaolokera Tsidya

Geresomo wa kwa Ndamera adakula ndi nkhwangwa m'manja. Masiku amenewo sitima za Azungu zinkayenda pa Shire zikudya nkhuni, ndipo iye ndi anzake ankagwetsa misangu ndi mikuyu ya m'mphepete mwa mtsinje n'kumaunjika padooko. Mmene ankakwatira Esinala, gombe lonse lidali mbee, zitsa zokhazokha. Pomwepo ndi pamene adatsegula dimba lake.

Chaka china mtsinje udadzaza, gombe lopanda mizu lija n'kuyamba kugumuka. Geresomo adangoima manja m'khosi, mizere yake ikugwera m'madzi chimanga chili chiimire. Madzi ataphwa, tsidya lina padatuluka dothi latsopano lakuda bii pomwe kale padali bango. Damiano, msodzi wa tsidyalo, adafulumira kubzalapo mbatata.

"Dothi lija ndi langa," adatero Geresomo akukoka bwato.

"Musapiteko, bambo a Dorika," Esinala adamugwira mkono. Iye adamukankhira pansi, naoloka.

Adapeza Damiano akupalira.

"Zulani mbatata zanuzi. Munda uno ndi wanga, mtsinje wangousamutsa."

Damiano adaseka. "Kauze mtsinjewo ukubwezere. Adadula mitengo ndi ine ngati?"

Geresomo adamukhoma nkhafi pakamwa, mano n'kuyoyoka. Damiano adadzambatuka ndi khasu namutema paphewa, fupa poyera. Adagwirana, nagubuduzana m'matope akulumana, magazi ali chuchuchu. Kenaka Geresomo adamuika bondo pamsana, namukanikiza nkhope m'thope, osamusiya, mpaka miyendo idaleka kuphupha. Atadzuka adamva amayi otunga madzi akukuwa, ndipo ndi pamene mantha adamugwira.

Dzuwa lisanapendeke, abale a Damiano adaoloka ndi mikondo. Adatentha nyumba ndi nkhokwe, nabaya mbuzi zonse m'khola. Esinala adapulumukira m'mapira, mwana ali kumbuyo, ndipo adapitirira kwawo osadzabwereranso.

Geresomo adathawira kumtunda, akubisala m'tchire, bala likununkha, mpaka adafika kwa Chapananga. Mkono wa phewa lotemedwa lija udauma. Adakhala kumeneko akuweta ng'ombe za eni, munthu wosacheza, wodzidzimuka akangomva khasu likugunda mwala. Mliri wa chimfine utafika nkhondo ya Ajeremani itatha, udamutenga pamodzi ndi ambiri. Amene adamuika m'manda adafunsana za kwawo, koma padalibe wodziwa.