Ayezi Amene Tinakwera Naye Phiri

Azakhali, lero ndikusakasaka ambulera m'kabati kuno ku Woolwich, chandigwera pamutu chibokosi chanu chabuluu choziziritsira zakumwa chija. Ndangokhala pansi n'kuyamba kuseka ndekha. Mukukumbuka ulendo wampingo wa ku Switzerland, tsiku lokwera phiri kukaona glacier, chimtsinje cha madzi oundana chija? Anzathu ananyamula ndodo ndi timabotolo tamadzi. Inu munandisenzetsa chibokosicho, chodzaza thobwa ndi ayezi wa mufiriji yakuhotelo. Nditadandaula msana munati, "Iwe, munthu sapatsa anzake thobwa lofunda. Yenda!" Titafika pamwamba, ine lilime lili panja, tinangoona ayezi yekhayekha, chimtsinje chouma gwa mpaka kuchigwa. Munayang'ana phirilo, n'kuyang'ana chibokosi, kenako munati, "Wawoyu sitikudziwa wapondapo ndani. Wathuyu ngwaukhondo." Azungu onse amene anali pamenepo anamwa thobwa akunjenjemera, poti inu mawu oti "ayi" simunkawamva.

Chitisiyireni, palibe amene wachitsegulanso. Ndachipukuta fumbi koma ndalephera kuchibwezera m'kabati. Mukanangobwera n'kudzandikalipiranso kamodzi kokha, Azakhali, ndikanachisenza mpaka pamwamba osatsegula pakamwa, ngakhale mukanadzazamo miyala.