Tinkhono ta m'chitini cha fodya

Amuna anga anapita kukagwira ntchito ku Debeni, tauni yakunja ya m'mbali mwa nyanja yaikulu, nkhondo ya azungu itangotha, ine ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Patapita zaka zitatu kunabwera sutikesi yawo. Anaisenza ndi mnzawo wa kwa Mpama amene ankaphika naye pa nyumba ya mzungu mmodzi.

Bamboyo anakhala pakhonde nafotokoza. Akuti kumene tauniyo yathera kuli matanthwe, ndipo nyanja ikabwerera imasiya timadziwe m'maenje a miyala. Lamulungu lililonse amuna anga ankapita kukasuzumiramo.

"Alamu, zili m'menemo simungazimvetse," anatero. "Muli maluwa oti mukawakhudza amakugwirani chala. Muli nyenyezi za miyendo isanu zoyenda zokha, timipira taminga, nkhanu zobwereka chigoba cha mnzake. Amuna anuwa amaiwala nazo ndi kudya komwe."

Akuti tsiku lina amuna anga anawerama chofulatira nyanja, funde linabwera n'kuwakokolola. Mtembo sunapezeke.

Sindinalire. Ndinakwiya. Munthu wamkulu, wa ana awiri, kufera kuonerera tizilombo ngati mwana! Komanso maliro opanda mtembo ine sindinawamve. Apongozi anga ankafuna kuti tikapereke Misa ku Nguludi, timete, andimasule. Ine ndinati ayi, munthu sindinamuone.

M'sutikesimo munali jekete, kolona ndi chitini cha fodya. M'chitinimo munali mchenga ndi tinkhono totuwa khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati nandolo, totseka pakamwa. Ndinathiramo madzi kuti nditsuke, ana aziseweretsa, ndipo ndinasiya pakhonde n'kupita kukapalira.

Pobwera masana ndinapeza m'chitini mwangotsala mchenga ndi madzi. Tinkhono tonse tinali pakhoma, titakwera mpaka msinkhu wa bondo, kalikonse ndi kanjira kake konyowa kumbuyo. Kamodzi kanali katatulutsa tinyanga tiwiri takuda. M'mudzi munali zii, kopanda ndi nkhuku yomwe. Tsitsi linandiima. Zinthu zimenezi zinayenda masabata m'sitima ndi m'galimoto, zouma gwa, ndipo lero zikukwera khoma la nyumba imene amuna anga anamanga.

Pomwepo ndinagamula ndekha mumtima: izi n'zamoyo, ndiye kuti mwini wake ali moyo. Ndinauza apongozi kuti lumo lisandiyandikire pamene tinkhonoti tikuyenda. Iwo anangoyang'ana khomalo, nachita chizindikiro cha mtanda, nachoka chofutuka. Kuyambira tsiku limenelo akazi anzanga ankalambalala khonde langa popita kuchitsime.

Potola chitini chija ndinanyambita chala, ndipo ndinamva mchere. Ndinachita mantha. Ife kuno nkhono ikalowa m'nyumba timaiwaza mchere, imachita thovu n'kusungunuka tikuona. Ndinati n'chifukwa chake tathawira pakhoma, tikupsa. Ndinataya mchenga wonse, ndinatsuka chitini katatu, ndinasambitsa kalikonse payekhapayekha. Ndinatiika m'mbale yadothi ndi madzi abwino a pachitsime, otunga m'mawa uliwonse, ndi kuwazamo gaga pang'ono.

Tinasiya kukwera. Tsiku lachinayi kamodzi kanatsegula pakamwa osatsekanso, kananunkha. Ndinawonjezera kusamala, madzi ndinkasintha kawiri pa tsiku. Ndinkakhala pansi ndi mbaleyo pamiyendo n'kumalankhula nato ngati wamisala, kutifunsa ngati amuna anga kumene aliko akudya, ngati apeza mkazi wina. Tinkafa kamodzikamodzi, ine ndikuwerenga otsala. Kotsiriza kanakhala masiku awiri kali chete pansi pa madzi. Nditakanyamula, kamnofu kake kanagwera m'dzanja langa.

Pamenepo ndiye ndinalira, kulira kwenikweni kwa maliro, mpaka mudzi unasonkhana. Misa inachitika, ndipo anandimeta.

Bambo wa kwa Mpama uja anabwera tsiku lometalo. Anthu atabalalika anaona zigoba m'mbale, ndipo ndinamufotokozera zonse, monyadira ndithu kuti ndinayesetsa.

"Mwati munkathira madzi a pachitsime?"

"Eya, oyera bwino. Mchere wonse ndinachotsa."

"Iii, alamu," anatero motsitsa mawu. "Timeneti mchere ndiwo moyo wake. Madzi a m'nyanja ija ndi amchere okhaokha. Mukanangotisiya touma pakhomapo, kapena bwenzi tilipo."

Ndinagwira m'mutu mwanga mopanda tsitsi, m'mozizira. Iye anayesa kunditonthoza, akuti funde lija analiona ndi maso ake, palibe akanapulumuka. Mwina n'zoona. Koma ine ndinali nditapangana ndi mtima wanga kuti moyo wa amuna anga uli m'mbale ija, ndipo amene ankathiramo madzi m'mawa uliwonse ndinali ine.