Ndowa ya Amayi Ikufufuzabe

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa pafoni makina oyenda okha pansi pa nyanja yamchere. Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Ndili mwana ku Utale, aphunzitsi anatiuza kuti azungu amatsikira kumeneko atadzitsekera m'chitsulo. Nditaweruka, ndinavala ndowa ya amayi kumutu, phesi la papaya kukamwa kuti ndizipumira, n'kudumphira m'dzenje la njerwa lodzaza madzi amvula. Matope ake ankanunkha ngati mazira owola. Ndinavuuka ndikutsokomola, nkhanu ili lende pachala, koma ndowa inatsalira pansi.

"Iwe Esinati, ndowa yanga ili kuti?" anakalipa amayi.

"Ikufufuzabe, amayi."

Tsikulo ndinagonera mbama.

Akuti makina a azunguwa akamaliza ntchito amabwerera okha. Yanga ija ndikuidikirabe.