Kanyumba pa Kompyuta ya Kochapira

Kompyuta ya kochapira zovala, ku hotela ina ya ku Al Mirqab, kutali kunja kwa Malawi, inali nkhalamba yeniyeni, galasi lakuda, zilembo zobiriwira. M'mawa uliwonse tinkalembetsapo manambala athu. Munthu akasiya ntchito dzina lake linkafufutika, pamalopo n'kutsala kachizindikiro konga kanyumba, kadenga kosongoka, kopanda chitseko. Ife amayi a ku Malawi tinangogwirizana tokha kuti kanyumbako ndiye kuti mnzathu wabwerera kumudzi, ndipo woyamba kukaona ankaimbira abale a mnzathuyo kuti akonzeke. Ine ndi pakamwa pangapa posasunga nkhani, ntchito imeneyo ndinkaikonda.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, mtsikana wa ku Dedza, anakomoka Lachiwiri pa makina ositira, ambulansi n'kumutenga. Masupavaiza tikawafunsa ankangoti inshallah, Mulungu akalola. Loweruka ndinapeza kanyumba pa nambala yake. Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Pa buleki ndinaimbira mayi ake, ndinawauza kuti asese m'chipinda, mwana wawo akubwera. Anandidalitsa mpaka buleki kutha.

Masana kunabwera bambo wina wa ku Chipata, wokonza makompyuta pa kontrakiti. Ndinawaonetsa kanyumbako monyadira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kufotokoza zakutali. Akuti kale makina ankawerenga tepi ya pepala yobooledwa. Ukalakwitsa chilembo unkaboola mabowo onse pamzerepo, makina n'kumadumpha pamenepo. Opanga makompyuta a pambuyo pake anafuna kachithunzi koimira kufufuta kumeneko. Chimene anasankhira kanyumba palibe akudziwa bwino, ena amati ndi chilembo cha Chigiriki chojambulidwa mopotoka. Ndinawadula mawu, ndinati za Agiriki ine zikundikhudza chiyani.

"Kanyumbaka sikanena kumene munthu wapita, mayi," anatero. "Kamangonena kuti wachotsedwa. Dzinalo ndachotsa ndine dzulo. A ku ofesi sanakuuzeni?"

Mtsikanayo anali atamwalira Lachinayi. Ndinakhala pa mulu wa mashiti akuda, ndinatukwana kompyuta, ofesi, ndi pakamwa panga pomwe. Mpaka lero ndimadzida ndikakumbukira.

Foni inalira ndili m'basi yobwerera kogona. Anali mayi aja, mawu ali mwee, akufunsa tsiku lofika ndege poti amalume a mtsikanayo akufuna kukamuchingamira ku Lilongwe. Ndinayang'ana anzanga, onse anazolika.

"Mayi," ndinatero, "amalumewo ali pafupi? Apatseni foni."