Chatsika Anatsala Padamu

Ntchito yanga yoyamba inali yoyang'anira dziko lomwe kulibe. Mpaka lero mayi anga akafunsidwa amangoti, "Ankagwira za pafoni," n'kusintha nkhani.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala kwathu kunyanja ku Salima, kuthandiza mayi kuyanika usipa pathandala, maso ali pafoni. Mnzanga wina anandilowetsa m'gulu la pa intaneti la anthu olemba nthano imodzi mothandizana. Inali nthano ya anthu amene anachoka padziko lino pa chombo cha mumlengalenga n'kukakhazikika pa pulaneti lina lomwe analitcha Mphanje. Aliyense m'gulumo anali ndi munthu wake wopeka, ndipo ankalemba zimene munthuyo akuchita, wina n'kuyankha ndi wake. Ine ndiye pakamwa sipachedwa kutseguka. Sabata yoyamba yomweyo ndinadzudzula wina amene analemba kuti kunali mdima wa ndiweyani, chonsecho tonse tinkadziwa kuti ku Mphanje kuli madzuwa awiri ndipo sikuda kwenikweni. Mwini gululo, anti Esinati a ku Lilongwe, anandiimbira. "Iwe wolongolola iwe, ntchito ukuifuna?"

Ananditumizira laputopu yakale imene inkazima magetsi akangothima, ndipo ankandigulira bandulo mwezi ndi mwezi. M'mawa ndinkawerenga zonse zimene anthu alemba m'chipinda cha nthano, kuona ngati sizikutsutsana ndi zakale, kenako n'kukonza mapu. Wofuna kuwonjezera phiri, mudzi kapena makina atsopano ankayamba wapempha m'chipinda cha zokambirana, ndipo ena awiri akavomera ndinkachijambula. Anthu akalimbana m'nthano, aliyense akufuna kupambana, ndinkaitana kapulogalamu kochita maere, mlandu n'kuthera pomwepo. Koma lamulo lalikulu anti ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Munthu wa mwini sakhudzidwa. Sumulankhulitsa, sumuyendetsa, sumupha."

Amene ndinkawakonda kwambiri anali a Mbewe, mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito wa ku Chinguluwe. Foni anawaphunzitsa ndi mwana wawo, ndipo ankalemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, osadumpha moni. Anyamata akamafuna nkhondo ndi mfuti za kuwala, iwo ankangofunsa kuti, "Nanga asilikali anuwo akumwa chiyani?" Munthu wawo anali Chatsika, wosunga zipata za madzi. Ngalande zonse za ku Mphanje anakumba ndi iwo, kuchokera kuphiri la madzi oundana mpaka kuminda. Ndikalakwitsa pamapu ankandilembera mwaulemu woluma: "Amayi a mapu, madzi anuwa akukwera chitunda." Ndinkakwiya, kenako n'kuseka, n'kukonza.

Nthawi ina tinagwirizana kuti madzi oundana aja asungunuke mwadzidzidzi, damu lidzaze, mudzi wonse ukhale pangozi. Aliyense anathamangitsa munthu wake uku ndi uku. A Mbewe analemba kuti Chatsika wakwera pamwamba pa damu, wagwira chiwongolero cha chipata chachikulu chotayira madzi kuchigwa, wayang'ana kumudzi. Analekera pomwepo. Tinadikira. Madalitso, mnyamata wa ku Joni amene munthu wake ankayendetsa chombo, anayamba kuseka kuti madala agona foni ili m'manja. Nditaona kuti masiku akupita, ndinaimba foni ya a Mbewe. Anayankha ndi mwana wawo wamkazi, n'kundiuza kuti bambo anagwa kumunda ndipo anawaika dzana.

Sindinawaonepo maso ndi maso, koma ndinalira ngati ndafedwa bambo anga ondibereka. Gulu lonse linaleka kulemba, monga mudzi umasiyira makasu kukagwa zovuta. Titabwerera, vuto tinalipeza pomwe tinalisiya: Chatsika ali chiimire padamu, madzi akukwera, ndipo palibe amene anali ndi ufulu womusuntha. Madalitso anati timulembe atatsekula chipata n'kukokoloka ndi madzi, afe ngati ngwazi. Ena anati tingomufufuta, tinene kuti chipata chinatseguka chokha. Anthu anayamba kunyozana, awiri mpaka anatuluka m'gulu, ndipo otsalawo ankafunsa ine kuti ndigamule. Anti Esinati anandiimbira. "Iwe Tiya, katundu wa malemu sitigawana tokha achibale alipo. Iwe ndiye uli pafupi. Pita ukafunse."

Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, njira yonse ndikuyeserera mawu. Ungayambe bwanji kuuza mayi wofedwa kuti pali mwamuna wina wabodza, kudziko labodza, amene akudikira chilolezo chawo? Ndinaopa kuti andiyesa wamisala, kapena wachipongwe.

Mayi Mbewe ndinawapeza akupeta mpunga pakhonde, duku lakuda kumutu. Ndinagwada, ndinapepesa maliro, n'kupereka kashuga kamene ndinanyamula. Kenako ndinayamba kuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Paja bambo ankalemba zinazake pafoni..."

"Za Chatsika?" anatero, osasiya kupeta. "Akadali padamu paja?"

Ndinawafunsa kuti akumudziwa bwanji.

"Ankandiwerengera masana tikaweruka kumunda. Ndinkawauza kuti bambo inu mwakula, siyani zachibwanazi. Koma tsiku akapanda kuwerenga, wofunsa ndinali ine."

Ndinawafotokozera maganizo onse awiri, okokolola aja ndi ofufuta. Anaika lichero pansi. 

"Mwanawe, mwamuna ndaika kale mmodzi. Wachiwiri ayi. Atsekule chipatacho, atsike bwinobwino, azipita kunyumba. Kodi ali ndi mkazi kumeneko?"

"Ayi, mayi. Bambo sanalembepo."

"Taonani nkhalamba ija! Kumangokumba ngalande, osaganiza kuti munthuyo akaweruka amafikira kwa ndani." Anaseka, misozi ikutsika. "Lemba kuti alipo. Akumudikira, ndipo akamukalipira chifukwa chochedwa."

Ndinatulutsa foni. Iwo ankanena, ine ndikulemba, ndipo pena ankandiimitsa kuti, "Ayi, iyeyo sangayankhe choncho, ndi wofatsa." Pamwamba ndinalemba kuti mawuwa ndi a mayi Mbewe, amene tsopano ndi eni ake a Chatsika. Mkazi uja anali watsopano ku Mphanje, choncho panafunika anthu awiri omuvomereza. Woyamba anali Madalitso. Pamene ndinkafika pamsewu kuti ndikwere minibasi, gulu lonse linali litavomera, ndipo awiri anatuluka aja anali akupempha kubwerera.

Kanyumba ka banjalo ndinakajambula m'munsi mwa damu. Palibe amene amalemba za Chatsika, chifukwa mayi Mbewe anati munthuyo apume. Koma munthu wa aliyense akamadutsa njira imeneyo, mwini wake amalemba kuti anaima pakhomopo n'kuodira, kenako n'kupitiriza ulendo.

Ntchitoyo ndinaisiya nditapita ku koleji, ndipo ndayang'anirapo mayiko ena opeka, ena akuluakulu kuposa Mphanje. Chimene ndinatenga pakhonde paja sindinachisiye. Mkangano ukabuka pa munthu wopeka, sindithamangira mapu kapena malamulo. Ndimayamba ndafunsa kuti kunyumba kwa amene anamulemba kuli ndani, chifukwa kawirikawiri kumakhala wina amene ankamvetsera nawo.