Kakhadi ka a Thangavelu

A Thangavelu akhala akusema mipini ya mapampu a madzi ku Ganapathy kuyambira ine ndisanamere ndevu. Ndi munthu wamfupi, wogontha khutu limodzi, ndipo mawu oti pepani sanatulukepo pakamwa pawo. Anayamba ndi makina a manja. Makina oyendera kompyuta anabwera ndi mwana wawo Ilamaran, amene anawagula atatha kale, n'kukhala nawo miyezi akuwaikira manambala mpaka anayamba kusema mosaphonya. Kenako bambo ndi mwana anakangana chifukwa cha mkazi amene Ilamaran anadzisankhira yekha. Mwanayo anapita ku Singapore ndi mkazi wakeyo, ndipo kuyambira pamenepo foni ili zii mbali zonse ziwiri.

Chaka chatha, pa tsiku lolemekeza zida, pomwe chitsulo chilichonse chimayenera kupuma, a Thangavelu anazimitsa makinawo. Anawapukuta, kuwadontheza zonunkhira, kuwaveka nkhata ya maluwa, n'kugawira oyandikana nawo mpunga wokazinga ndi nthochi. Kutacha anayatsa. Galasi la kompyuta ya makinawo linangoti mbuu, n'kulemba kuti silikupeza poyambira.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta a makina otere, choncho anandiitana. Nditatsegula bokosi la kompyutayo ndinapeza kuti kakhadi kosunga zonse zodzutsira makina kafa ndi ukalamba.

"Achimwene, maluwa aja munaveka mtembo," ndinatero.

"Iwe Kathiresan, ndakuitanira ntchito kapena nthabwala?"

"Kakhadi katsopano ndikapeza. Koma zamkatimo ali nazo ndi amene anaziika. Muimbireni Ilamaran."

"Ndiimbire ndani? Ndilibe mwana ku Singapore ine." Anathothola duwa pa nkhata ija. "Kaya kumeneko panopa ndi nthawi yanji."

Mapampu a anthu anali kudikira, ndipo ine sindikonda kugonja pamaso pa chitsulo. Ndinapita ku msika wa zitsulo zakutha, ndinafukula milu mpaka ndinapeza bokosi la mtundu womwewo, kakhadi kake kali moyo. Ndinakopera zamkatimo. Koma makina aliwonse ali ndi thupi lawolawo, moti manambala a ena sangangolowa. Ndinayamba kuyeza, kusintha, kuyezanso, sabata yathunthu.

Tsiku lililonse a Thangavelu ankabwera ndi tiyi n'kuima kumbuyo kwanga.

"Zakukanika eti?"

"Sizinandikanike."

"Ukalephera unene, mphwanga. Si manyazi. Zinthu zina amazidziwa ndi mwini wake."

Ankanena zimenezi nkhope ili gwa, koma maso akuwala. Munthu amene ntchito yake yaima sawoneka choncho.

Loweruka makina anadzuka. Tinaika chitsulo, makinawo anasema mpini woyamba, a Thangavelu anauyeza ndi choyezera chawo chakale, anauyezanso, ndipo unali ndendende. Ine ndinapukuta manja kudikira kuyamikiridwa. Iwo anangoima, mpiniwo uli m'manja.

"Ndiye palibe chatsala choti tifunse?"

"Palibe, achimwene. Zonse zili m'malo."

"Ngakhale nambala imodzi?"

Apa m'pamene chisoni chinandigwira. Mkuluyu anamusowa mwana wake koopsa, ndipo pakamwa pake sipakanatha kunena. Makina akufa aja ndiwo anali njira yokhayo yoimbira foni popanda kuoneka ngati wagonja, ndipo ine ndi luso langa ndinali nditaitseka.

Anazimitsa makina. Anandiuza kuti nditsegulenso bokosi, ndipo ndinatsegula osafunsa. Anazula kakhadi katsopano kaja ndi zala zawo zakuda ndi mafuta, anakakulunga mu kampango, n'kukaika m'thumba la malaya.

"Iwe sunakonze kalikonse kuno, wamva? Zinakukanika."

"Zinandikanika zedi. Mbiri yanga mwaiwononga."

"Unalibe mbiri ndi kale."

Anatulutsa foni. Nambala sanaifufuze, anali nayo pamtima. Anaika foniyo ku khutu lakumva lija n'kutembenukira kukhoma, koma m'shedi mwawo ndi mopanikiza, ndinamva zonse. Inaitana nthawi yaitali ndithu isanayankhidwe.

"Ilamaran? Ndine. Makina ako aja afa."

A Thangavelu anagwira thumba la malaya, ndipo mawu atatuluka anali aang'ono.

"Kodi wadya, mwanawe?"