Tsiku limene ndinasuta pepala la Lusiya

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri pamene anandituma ngati mwana, ndipo ndinalakwitsanso ngati mwana. Ine amene ndikaitana ng'ombe ku Chidzolomondo, za mudzi wina zimatembenuka! Sukulu ndinalekeza segunda kalase, kalasi yachiwiri, koma palibe anandiposapo mawu pabwalo.

Mwana wanga Lusiya ankafuna kuphunzira unamwino, ndipo mapepala ake anayenera kutumizidwa pa intaneti pofika sesita-feira, Lachisanu. Malume ake anamupatsa kompyuta yakale, iye n'kuikamo Linux, pulogalamu yaulere imene aliyense angaikonze. Zonse zinayaka bwino, koma intaneti ya pafoni yake kompyutayo sinkaiona. Lusiya anati m'kati muli kachitsulo kogwira netiweki, ndipo pakusowa dirayiva, kapulogalamu kophunzitsa kompyuta kulankhula nako. Netiweki ya kwathu ndi yofooka, sikanatha kukoka chinthucho. Kunali kofunika kukachitenga kwa wokonza makompyuta ku Furancungo, koma Lusiya anali ndi khanda la milungu iwiri, choncho anatuma ine.

Analemba mawu pagalasi lakuda la kompyutayo, dzina la kachitsuloko n'kutuluka, zilembo ndi manambala. Anakopera pakapepala.

"Ababa, musataye. Mukangowapatsa basi."

"Iwe, ng'ombe zanga ndimazidziwa popanda pepala. Ndiwerengere kamodzi, ndasunga!"

Lachitatu ndinakwera njinga yamoto. Panjira tayala linaphwa. Tikudikira pansi pa mtengo, fumbi lili m'mano, fodya anandigwira pakhosi. Ndinapisa m'thumba, ndinapeza kapepala kofewa bwino. Ndinapichira chingambwe changa, ndinasuta mpaka kushiki. Ndisaname, ndinkadziwa pepala lake.

Ku Furancungo ndinatchula dzina lija mokweza, theka loyamba lokha.

"Madala, a mtundu umenewu alipo ambiri. Manambala ake ndi ati?" anafunsa wokonza uja.

"Ndipatseni amene mumapatsa anthu onse!"

Anaika dirayiva mu fulashi, kosungira zinthu kangati chala, ine n'kubwerera ndili nganganga. Lusiya analemba mawu ake, anazimitsa, anayatsanso. Zii. Anabwereza katatu, khanda likulira kumsana. Kenako anayamba kudzida yekha.

"Ndine mbuli, Ababa. Ndinakopera molakwa. Unamwino ndingauthe ine?"

Pamenepo ndikanakhala chete, palibe akanadziwa. Koma kuona mwana wanga akutaya mtima chifukwa cha utsi wanga, mawu anga akulu aja anachepa.

"Pepala lija ndinasuta."

Sanakalipe. Anang'amba pepala lina, anandipatsa cholembera, nati, "Lembani nokha." Ndinakopera dzina lija kuchokera pagalasi, chilembo chimodzichimodzi, thukuta lili kamukamu, iye akundikonza monga ankachitira aphunzitsi a segunda aja.

Lachinayi ndinalawira tambala woyamba. Wokonza uja anawerenga zolemba zanga, anagwedeza mutu, nandipatsa dirayiva wina. Madzulo timizere ta netiweki tinatulukira pakona pa galasi, ndipo mapepala anapita Lachisanu m'mawa.

Lero Lusiya ali ku maphunziro ake, khanda lija likuyenda pakhomo panga. Mawu anga akadali akulu, funsani aliyense. Koma ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkakuwa kwambiri pamene ndikubisa kuti sindikudziwa, ndipo amene ankalipira si ine ayi, anali ana anga.